Ng'oma ya amalume ku Buguruni

Ng'oma ya amalume anga inasamuka kawirikawiri kuposa eni ake. Iwo anakhazikika kalekale ku Kimara, mumzinda wa Dar es Salaam, m'nyumba ya lendi kuseri kwa siteji ya mabasi othamanga otchedwa mwendokasi, koma ng'omayo inasowa pokhala. Mwini nyumba anaikana chifukwa cha phokoso. Kutchalitchi anaisunga kanthawi m'chipinda cha kwaya, mpaka akulu a mpingo atakumbukira kuti mganda si nyimbo ya Mulungu. Inakagonako m'galaja ya mnzawo wina ku Ubungo, kumene makoswe anaidya chikopa mbali imodzi. Pamene ine ndinayamba kuitsatira, inali pa shelefu m'nyumba ya zaluso ku Buguruni, ndipo kumenekonso inali pafupi kutulutsidwa.

Amalumewa ndi alongo awo a mayi anga. Anabadwira ku Ntchisi, anabwera ku Dar es Salaam ali mnyamata, ndipo anayendetsa malole a kudoko mpaka maso atayamba kuwanamiza. Mganda anabwera nawo kuchokera kwawo. Kwa amene sanauonepo, ndi gule wa amuna. Amavala malaya oyera, makabudula oyera ndi masokosi aatali, n'kuima m'mizere ngati asilikali pa perete. Gulu la mganda limatchedwa boma, ndipo mtsogoleri wake ndi kingi. Amalume anali kingi wa boma la ku Kimara. Anthu awo anali alonda, amakaniko, wophika wina wa kuhotela, ndi ana a anthu amenewa, anyamata obadwira konkuno amene Chichewa amachimva bwino koma poyankha amatulutsa Chiswahili.

Ine nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kunyuzipepala, yokonza nkhani zolemba anzanga, ndipo Loweruka ndinkapuma. Tsiku lina amalume anandipempha kuti ndiwanyamulire thumba la mabadza, zikho zazitali zija zimene ovina mganda amaimbiramo, mawu n'kumatuluka ngati a lipenga. Ndinavomera chifukwa ndinkafuna kuona nyumba imene inalandira chinthu chokanidwa ndi anthu onse. Tinakwera mwendokasi mpaka ku Ubungo, kenako daladala, minibasi ya kuno, yotsata msewu wa malole.

Nyumbayo kale inali godauni yosungiramo mpunga. Denga lake ndi lalitali, ndipo kukatentha fungo la matumba akale limabwerabe. Pakhomo pamakhala olemba zikwangwani, amene amajambulira mashopu ndi masaluni a m'deralo mitu yometedwa bwino ndi nkhuku zowotcha. Mkati, kumanzere, kuli ojambula zithunzi pansalu. Kuseri amayi amanyika nsalu za batiki m'mabeseni, manja awo atadetsedwa ndi utoto mpaka m'zigongono. Pakati pali holo ya simenti, imene amalandizana anyamata a masewera odumphadumpha otchedwa sarakasi, oimba nyimbo zothamanga za singeli, ndi ana asukulu ophunzira kujambula pa makatoni.

Ndinafunsa mafunso amene munthu wa nyuzi amafunsa. Lendi amalipira bwanji? Palibe lendi. Nanga nyumba imayenda bwanji? Ojambula akagulitsa amasiyako kangachepe ka magetsi ndi madzi, ena onse amasesa ndi kukolopa. Lamulo lalikulu ndi limodzi: gulu lililonse liyenera kuonetsa ntchito yake kwa anthu a m'deralo pa tsiku la chionetsero, pamene chipata chimatsegulidwa kwa aliyense. Nthawi yogwiritsa ntchito holo imagawidwa ndi komiti. Ng'oma zimaloledwa masana okha, ndipo zimaleka kukamveka azana, kuitanira anthu kumapemphero, kumzikiti woyandikana nawo, mpaka anthu atamaliza kuswali.

Amene anandiyankha zonsezi anali mayi woyang'anira nyumbayo, wojambula zithunzi, mbadwa ya ku Tanga. Onse ankamutchula kuti dada, kutanthauza achemwali m'Chiswahili. Anali wachangu, ndipo ankayenda ndi burashi m'tsitsi mmene akalipentala amasomekera pensulo kukhutu. Ndi iyeyu amene anandiuza za vuto la amalume, poti eni ake anali asanandiuze.

Gulu lina la Amalawi linali litapempha malo. Awa anali a beni, anthu a ku Buguruni komweko, mabanja achisilamu amene makolo awo anachokera ku Mangochi ndi ku Machinga. Mtsogoleri wawo anali bambo ogulitsa nsalu mumsika, aafupi, a mawu aakulu, osavula kofia. Nthawi ya ng'oma yotsala inali imodzi yokha, Loweruka masana, yomwe amalume anali nayo kale. Komiti inagamula kuti magulu awiriwo aphatikizane, akhale gulu limodzi la magule a ku Malawi, ndipo adzavine gule mmodzi pa chionetsero. Akalephera, Loweruka lidzapita kwa a beni, chifukwa nyumbayo inatsegulidwira anthu a m'deralo poyamba. Ndipo shelefu imayenda ndi nthawi: amene alibe tsiku m'holo sasiyamo katundu.

"Sindikuona chovuta," anatero dada m'Chiswahili. "Onse amaguba, onse ali ndi wezulo, onse amavala ngati asilikali. Ndi a dziko limodzinso."

Inenso sindinaone chovuta. Ndinali nditawerengapo kuti magule awiriwa anachokera kumodzi, potsanzira magulu oimba a asilikali a nthawi ya atsamunda, ndiponso kuti beni anayambira m'matauni a m'mbali mwa nyanja yamchere ino, n'kuyenda ndi anthu mpaka kwathu. Zinkandisangalatsa kuganiza kuti gule amene anachoka kuno wabwereranso ndi zidzukulu. Ndinawafotokozera amalume zimenezi m'daladala pobwerera. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"A nyuzi," anatero, poti ndi mmene amanditchulira akafuna kundiseka, "mbuzi ndi nkhosa zonse zimadya udzu. Unayamba waona wina atazimanga chingwe chimodzi?"

"Ndiye bwanji simunakane, amalume?"

"Tivina," anatero, n'kuyang'ana kunja.

Loweruka lotsatira ndinabweranso, ndipo ndinaona chimene chimachitika ng'oma ziwiri zikamayankhula nthawi imodzi. Mganda wa amalume ndi wodekha. Ng'oma yaikulu imagunda mwaulemu, ovina amaongola msana, mapazi amakwera ndi kutsika pamodzi, mzere wonse umatembenuka ngati chitseko chimodzi. Beni wa anthu a ku Buguruni ndi wothamanga. Ng'oma zake zing'onozing'ono zimathamangitsana, amuna amadumpha ndi kugwedeza mapewa, ndipo kumbuyo kwawo kumaima amayi olandira nyimbo ndi kuomba m'manja. Dada anawaika m'mizere yosakaniza, wa mganda apa, wa beni apo. Wezulo italira, ena anali atafika kale kutsogolo, ena akukwezabe phazi loyamba. Mlonda wina wonenepa anagundana ndi mwana wa bambo a nsalu, badza lake n'kusweka.

"Achimwene," anakuwa bambo a nsalu, "anthu anuwa akuguba kapena akuperekeza maliro?"

"Ife timavina ngati anthu osamba," anayankha amalume. "Anuwo aponda makala?"

"Pepani a Kingi. Tinaiwala kuti ufumu wanu ndi waukulu. Umayambira pa siteji ya Kimara n'kukathera pa siteji ya Kimara pomwepo."

Amayi a beni anaseka mpaka kugwirana. Amalume ananena kuti mumganda simulowa akazi. Mayi ena achikulire, atakonza kaye mpango wawo, anafunsa ngati n'chifukwa chake nyimbo za mganda zimamveka ngati njuchi zotsekeredwa m'botolo. Azana ndi imene inawalanditsa. Ng'oma zinakhala chete, a beni anapita kukaswali, ndipo a mganda anatsala akugula kahawa, khofi wakuda uja, ndi timaswiti ta mtedza totchedwa kashata kwa wamalonda woyenda ndi ketulo pa kambaula.

Zinapitirira choncho masabata angapo. Anayesa kuchepetsa liwiro la beni, eni ake anati zikuwagonetsa tulo. Anayesa kuthamangitsa mganda, mizere inaphwasuka. Anyamata a mbali zonse anayamba kujomba. Wina ati foleni, kuthithikana kwa magalimoto, ku Ubungo, wina ati pantoni yowolotsa anthu kuchokera ku Kigamboni yachedwa. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti dada akangolowa m'holo, madoda awiriwo ankaleka kukangana, n'kumuuza mwaulemu wonse kuti zinthu zikuyenda bwino.

Kunyumba sizinkayenda. Akazi awo a amalume anandiuza kuti anawapeza atagwada m'chipinda, akuyeza ndi chingwe ngati ng'oma ingalowe kunsi kwa bedi. Sinkalowa. Tsiku lina amalume anandiimbira foni kuntchito. Anayamba ndi kufunsa za mayi anga, za mvula, za kutentha, kenako anafunsa ngati kuofesi kwathu kuli kachipinda kosungiramo nyuzi zakale kamene anthu salowamo kawirikawiri. Ndinawauza kuti kulibe. "Ayi, ndimangofunsa," anatero. Ng'omayo anabwera nayo okha kuchokera ku Ntchisi pamwamba pa lole, ndipo ankadziwa kuti boma lopanda malo oyeserera limatha. Palibe mnyamata amene angakwere mabasi awiri kuti akaone ng'oma yokulungidwa m'chiguduli.

Zinthu zinatembenuka tsiku limene holo inali yotseka. Amisiri anali atamata simenti m'maenje apansi, ndipo inali isanaume. Magulu onse awiri anafika osadziwa, n'kukhala pabwalo la kutsogolo, pafupi ndi chipata choyang'ana kumsewu. Popanda wowaika m'mizere, aliyense anakhala ndi anzake, a mganda pansi pa mtengo wa mango, a beni pafupi ndi zikwangwani. Bambo a nsalu ananena mokweza, ngati akuuza anzawo okha, kuti simenti inaphwanyika chifukwa mapazi a mganda ndi olemera. Amalume anaimirira.

"Imani m'mizere," anauza anthu awo. "Tiwaonetse anawa mmene amavinira akuluakulu."

Anavina nyimbo yathunthu, okhaokha, pa fumbi. Aka kanali koyamba kuti ndione mganda wawo wopanda chowusokoneza, ndipo unali wina. Atamaliza, amalume anavula chipewa n'kuwerama pang'ono moyang'ana a beni. Bambo a nsalu sanadikire. Analiza wezulo, ng'oma zawo zinayankha, ndipo amayi anayamba nyimbo imene ndikukhulupirira kuti anaipeka pomwepo. Inkanena za mfumu imene imapita kunkhondo pa mwendokasi itaimirira, chifukwa mipando yatha. Amalume anabweza ndi yawo, ya wamalonda amene muyeso wake umafupika kasitomala akangoyang'ana kumbali.

Nditacheuka, chipata chinali chitadzaza. A bodaboda anali atazimitsa njinga zawo. Amayi ogulitsa vitumbua anasendeza mabeseni pafupi. Antchito a m'mafakitale oweruka masana anaima ndi zikwama zawo, ndipo ngakhale sankamva mawu a nyimbo, ankadziwa bwino lomwe kuti wina akunyozedwa, n'kumaseka pamalo oyenera. Dada anatuluka akuthamanga, burashi ili m'manja.

"Akumenyana?" anandifunsa.

"Sindikudziwa," ndinatero, ndipo sindinaname.

Azana itamveka, ng'oma zinaleka, ndipo dada anaitana madoda awiriwo. Anafika ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, koma nkhope zikuwala kuposa masabata onse aja. Anawafunsa chimene chinkachitika. Anayang'anizana ngati afunsidwa chifukwa chake madzi amanyowetsa. Amalume anafotokoza kuti kwawo boma silivina mosakanikirana ndi lina. Boma limaitana boma linzake, eni mudzi amaphikira alendo, ndipo pabwalo amalowa mosinthana, aliyense kufuna kuposa mnzake. Bambo a nsalu anati nawonso a beni n'chimodzimodzi, ndipo gule wopanda wopikisana naye ali ngati msika wopanda wonenerera mtengo.

"Nanga masabata onsewa bwanji simunanene?" anafunsa dada.

"Munati tiphatikizane," anatero amalume. "Ife ndife alendo kuno. Munthu wakupatsa denga, ndiye uyambe kumuphunzitsa kagawidwe ka nyumba yake?"

"Ine ndinabadwira konkuno," anatero bambo a nsalu, "koma bambo anga anandiphunzitsa kuti muofesi umangoti sawa, chabwino basi. Zotsalazo umakalankhulira panja."

Dada anaseka. Anati akanadziwa kuti ndi chimene m'Chiswahili amati utani, chipongwe cha pachibale chimene anthu a kuno amachidziwa bwino, sakanavutika ndi mizere. Anavomera kuti pa chionetsero apikisane. Za amene adzatsale ndi Loweruka, anati komiti idzaona pambuyo pake. Amalume anawamva mawu amenewo mmene aliyense akanawamvera: mpikisano uli ndi wogonja, ndipo wogonja adzanyamula katundu wake. Ankadziwanso kuti akukapikisana pabwalo la eni, pamaso pa makasitomala ndi aneba a bambo a nsalu.

Panabuka vuto lina limene dada sanaliyembekezere. Opikisana sayeserera pamodzi, chifukwa nyimbo ndi masitepe atsopano ndi chinsinsi. Masanawo anagawidwa pa azana: a mganda aziyeserera anzawo asanakaswali, a beni aziyeserera akabwerako. Gulu lina likakhala m'holo, linalo linkayenera kuwoloka msewu. Amalume anapachika matumba m'mawindo. Sizinathandize kwenikweni, chifukwa amayi a batiki, amene mabeseni awo ali kuseri kwa khoma la holo, ankamva zonse ndipo sankasunga kanthu. Ankauza uku ndi uku mofanana, motero sindinganene kuti anakondera.

Nyumba yonse inalowerera. Olemba zikwangwani anapanga mbendera ziwiri, ndipo anagawikana okha, ena kumbali ya Kimara ena ya Buguruni, n'kumabisirana mitundu ya penti. Amayi a batiki ananyika malamba a pachifuwa, ofiira a mganda, obiriwira a beni. Oimba singeli anabwera kudzapempha kuti ajambule kulira kwa mabadza pa foni, akaike m'nyimbo yawo. Mabadzawo anali ndi vuto lawo. Kwathu, pa kabowo ka chikho amamatapo kachikopa kopyapyala ka chisa cha kangaude, kamene kamanjenjemera munthu akaimbiramo. Ku Buguruni akangaude otere sanapezeke. Wojambula wina anatulutsa mapepala osiyanasiyana m'bokosi lake, ndipo anayesa limodzi ndi amalume mpaka anapeza lina lopyapyala lokutira zithunzi. Amalume ataliyesa anati likuyandikirako. Anyamata ojomba aja anabwerera onse osaitanidwa. Ena anayamba kufunsa tanthauzo la mawu a m'nyimbo, kuti akamanyoza azidziwa chimene akunena.

Panatsala funso la amene ali mwini bwalo. A beni anati ndi iwo, poti amakhala ku Buguruni. Amalume anati ng'oma yawo ndi imene inayamba kugona m'nyumbamo. Anaumirira mpaka anapambana, ndipo mphotho yake inali kudyetsa alendo. A ku Kimara anasonkherana n'kugula mbuzi. Monga zimakhalira kwathu pakakhala Akhristu ndi Asilamu, wozinga anayenera kukhala Msilamu kuti onse adye. M'mawa wa tsiku la chionetsero bambo a nsalu anabwera okha ndi mpeni wawo. Anaizungulira mbuziyo, n'kuigwira m'nthiti.

"Yakulira mumganda iyi," anatero. "Yosathamanga, koma yosanenepanso."

"Zingani, achimwene. Mudye kwambiri kuti mulemere miyendo."

Amayi a mbali zonse anaphika pilau, mpunga wosakaniza ndi nyama, kuseri, pafupi ndi mabeseni a batiki.

Zovala zoyera sizikwera mwendokasi zili pathupi. A mganda anabwera nazo m'zikwama, zochapa ndi zosita bwino, n'kukavalira kuseri kwa zithunzi. Zambiri zinali za pa kaunjika, amene kuno amati mitumba, koma atatuluka m'mizere palibe akanadziwa. Chionetsero chinayamba ndi ana ndi zojambula zawo, kenako sarakasi. Bwalo linadzaza mpaka ena anakwera pa mpanda.

Mganda ndi umene unayamba kulowa. Amalume anali kutsogolo ndi ndodo yawo, ndipo ndinali ndisanawaonepo ataongoka chotero. Anthu anakweza mafoni m'mwamba. Mizere inatembenuka pamodzi, mabadza analira, ndipo nkhalamba ina ya ku Buguruni imene inakhala pa benchi inaimirira n'kuchita sawatcha. Anthu anaomba m'manja mwaulemu. Amayi a ku Kimara analowa m'bwalo kukapukuta amuna awo thukuta ndi timipango.

Kenako analowa a beni. Wopambana pa magule awa sasankhidwa ndi oweruza okhala patebulo. Amadziwika ndi kumene anthu akhamukira ndi kumene nthungululu zikumvekera. Nyimbo yachiwiri isanathe, mzere wa oonerera unali utasweka. Amayi a vitumbua anali m'bwalo, a sarakasi akudumpha m'mbali, oimba singeli akulandira nyimbo za Chiyao ndi Chichewa zimene sankazimva. Nkhalamba ya sawatcha ija inkavina ndi ndodo yake. Magulu anasinthana kangapo, ndipo amalume anatulutsa sitepe imene anaibisa ngakhale kwa amayi a batiki, yogwada mzere wonse ndi bondo limodzi n'kudzuka pamodzi. Inali yokongola, ndipo anthu anaikuwira. Koma sipanafunike wolengeza. A beni anapambana.

Anthu ali mkati modya pilau, ndinawasowa amalume. Ndinawapeza m'holo atavula kale zoyera, akukulunga ng'oma m'chiguduli.

"Kaitane bajaji," anatero, kunena njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu ndi katundu.

"Komiti sinanene kanthu, amalume."

"Ndidikire kuti andiuze pamaso pa anthu? Kaitane."

"Ipita kuti?"

Anainyamula okha, ndipo ndinawatsatira ndi thumba la mabadza. Pachipata tinakumana ndi bambo a nsalu, mbale ili m'manja, mpunga uli pa ndevu.

"A Kingi, katunduyu akupita kuti?"

"Mwapambana. Loweruka ndi lanu."

"Iii! Kwanu ku Ntchisi wogonja amathawa ndi ng'oma? Mwatidyetsa mbuzi, yoonda koma mbuzi ndithu. Tsopano ndife oti tikuitaneni, tikuphikireni, mudzayesenso. Mukufuna anthu azinena kuti a ku Buguruni amangodya za eni osabweza?"

"Komiti inati nthawi ndi imodzi."

"Komiti ndi anthu. Ikani pansi."

Anandipatsa mbale yawo kuti ndiwagwirire, n'kupita kukamutenga dada kumene ankagawira ana chakudya. Ulendo uno sanati sawa. Anamuuza m'Chiswahili, mokweza, kuti anyamata awo anayamba kubwera kudzayeserera chifukwa panali woti amugonjetse. Mganda ukachoka, beni adzavinira makoma kanthawi, kenako adzatha. Anati ngati nthawi ndi imodzi, ikhale yogawidwa pa azana monga zinalili, ndipo komiti ikakana, iwonso anyamula ng'oma zawo.

Dada anayang'ana bwalo, limene linali likadali lodzaza, kenako anayang'ana amalume ataima ndi chiguduli chawo. Anati a komiti ambiri ali pomwepo, ena mwa iwo anavina nawo beni, ndipo awafunsa asanamalize kudya. Anapita pa benchi pamene a komitiwo anakhala. Tinkawaona akulankhula, wina akuloza chipata, wina akunyambita zala. Sanachedwe. Dada anabwera n'kunena kuti Loweruka likhala la magulu onse awiri, koma a mganda azichotsa matumba m'mawindo akamaliza, chifukwa ojambula akudandaula za mdima.

Amalume sanathokoze pomwepo. Anabwerera m'holo, anamasula chiguduli, n'kukweza ng'oma pa shelefu yake. Anaitembenuza kuti mbali yodyedwa ndi makoswe ija, imene anaisoka, iyang'ane kukhoma. Kenako anatuluka n'kufunsa ngati nyama yatsalako.

M'daladala pobwerera, titadutsa Tabata, amalume anandikodola.

"A nyuzi," anatero, "unamuona wa kumapeto kwa mzere wakumbuyo? Amachedwa phazi lamanzere. Ndi amene watigwetsa."

"Anthu anangokonda beni basi, amalume."

"Anthu anakonda phokoso. Loweruka ulawire. Ukadzere kumsika, ukaone pamene amagulitsira munthu uja. Udzandiuze zonse, mmene amakhalira, zimene amadya, mmene amanyengerera makasitomala. Ndikufuna nyimbo."

Loweruka ndinadzera kumsika. Bambo a nsalu anandiona ndikadali patali. Anandiitana, anandipatsa mpando, anaitanitsa kahawa, kenako anatsitsa mawu n'kundifunsa ngati zili zoona kuti amalume amagona atavala masokosi a mganda.